Lipoti la Nkhani: Mmene Kansas Inayezera Tsogolo la Joel Embiid Ali ku Sekondale

Cholinga cha lipoti

Lipoti ili likufotokoza nkhani ya Joel Embiid, mnyamata wa ku Cameroon amene anavomera kukasewerera yunivesite ya Kansas mu Novembala 2012, ali m'chaka chake chomaliza cha sekondale ku Florida, pamene basketball ya dongosolo anali atangoiyamba kumene. Ntchito yanga ndi yoonera anyamata ataliatali a ku sekondale ndi kulembera aphunzitsi a makoleji zimene ndaona. Sindinali m'gulu la amene anamutenga mnyamatayu, choncho zimene ndalemba pano zachokera m'mbiri yodziwika kwa onse ndi m'makanema a masewero ake.

Mfundo imene ndikufuna kuikhazikitsa ndi iyi: poyeza mnyamata wamtali amene wayamba mpira mochedwa, pali zinthu ziwiri zofunika kuziyang'ana ndi diso limodzi, zomwe ndi liwiro limene akuphunzirira, ndi kukhwima kwa mafupa amene adzanyamula thupi lakelo. Choyambacho aphunzitsi a ku Kansas anachiona bwino kuposa anthu ambiri. Chachiwiricho ntchito yathu yonse, kufikira lero, siichipatsa malo okwanira m'malipoti, ndipo chikavuta chipsinjo chake chimagwera mnyamata yekha.

Mbiri ya mnyamata

Embiid anabadwa pa 16 Malichi 1994 mumzinda wa Yaoundé. Bambo ake anali msilikali waudindo, ndipo banja lawo linali lolemekeza sukulu. Ali mwana ankasewera mpira wamiyendo ndi volleyball, ndipo maganizo amene analipo anali oti adzapitirize volleyball ku Ulaya. Basketball anaiyamba atapitirira zaka 15, msinkhu umene anzake a ku America amakhala atasewera kale mipikisano mazanamazana. Anaphunzira zambiri poonera makanema a Hakeem Olajuwon, katswiri wa ku Nigeria amene nayenso anayambira mpira wamiyendo asanakhale senta (wosewera wamtali woima pafupi ndi ring'i) wa timu ya Houston Rockets ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America.

Amene anamuona koyamba ndi Luc Mbah a Moute, mwana wa ku Yaoundé komweko, yemwe anasewerera yunivesite ya UCLA ndipo pa nthawiyo anali ku timu ya Milwaukee Bucks ya mu NBA. Anamuona pa maphunziro a basketball amene iye ankachititsa kwawo. Mu 2011 Embiid anakakhala nawo pa maphunziro a Basketball Without Borders ku Johannesburg, ndipo chaka chomwecho anapita ku Montverde Academy ku Florida, sukulu imene Mbah a Moute anaphunzirako. Chingerezi chinali chisanamulowe; chilankhulo chake cha kusukulu chinali Chifalansa.

Ku Montverde zinthu sizinamuyendere. Mphunzitsi Kevin Boyle anali atangofika kumene, timu inali yodzaza ndi anyamata okhwima kale pa mpira, ndipo Embiid sankapeza mpata wokwanira m'timu yaikulu. Patatha chaka chimodzi anasamukira ku The Rock School, sukulu yachikhristu ya ku Gainesville, kuti azisewera. Kumeneko, mu sizoni ya 2012 mpaka 2013, timu yake inapambana masewero 33 ndi kugonja 4 okha, n'kutenga chikho cha gulu la masukulu awo ku Florida. Iye ankapeza mapointi 13 pa sewero, mipira yobwerera kuchokera pa ring'i pafupifupi 10, ndi kutchinga mipira yoponyedwa pafupifupi 2. Owerenga azindikire kuti manambala amenewa anabwera Kansas itamutenga kale. Pamene chisankho chinkachitika, aphunzitsi analibe ngakhale sizoni imodzi yathunthu ya m'timu yaikulu yoti aiwerenge.

Msika wa anyamata aatali

Kuti chisankhocho chimveke, tiyenera kuona malamulo amene ankagwira ntchito pa nthawiyo. Timu ya amuna ya m'gawo loyamba la NCAA, bungwe loyang'anira masewero a makoleji ku America, inkaloledwa masikolashipu 13 okha, choncho kupereka imodzi kwa mnyamata amene mwina sasewera chaka choyamba kunali kudzimana wosewera wina wokonzeka. Mnyamata ankaloledwa maulendo 5 olipiridwa ndi makoleji, uliwonse wosapitirira maola 48. Aphunzitsi ankaonera anyamata makamaka m'masiku owerengeka a mu Epulo ndi mu Julayi, pa mipikisano ya matimu a patchuthi, ndipo mu Novembala munali sabata yosainira msanga kalata yotsimikiza kumene mnyamata akupita. Pamwamba pa izi panali bungwe la NCAA loyang'ana maphunziro, lofuna kuti mnyamata akhale atakhoza maphunziro ofunikira 16, zomwe kwa mwana wochokera kunja zimatanthauza kumasulira masatifiketi ndi kufananiza silabasi ya kwawo ndi ya ku America. Kuyambira mu 2006, NBA sitenga mnyamata wosakwana zaka 19 m'chaka chimene matimu ake akumusankha, ndiye chifukwa chake anyamata apamwamba amakhala ku koleji chaka chimodzi chokha n'kupita.

M'msika wotere mnyamata wamtali amafunidwa mopitirira zimene waonetsa. Ring'i ili pa mamita 3.05, ndipo anthu otalika masentimita 213 ndi ochepa kwambiri padziko lonse. Wosewera wamfupi amayenera kuposa anzake zikwizikwi kuti aonedwe, pamene wamtali amalandira makalata a makoleji asanadziwe n'komwe kugwira mpira ndi manja awiri. Vuto lina ndi loti mpira wa patchuthi sumuonetsa bwino wamtali. Osewera a kunja kwa mzere amathamanga n'kumaponya okha pofuna kuti aonedwe, ndipo wamtali amatha sewero lonse atakhudza mpira kanayi kapena kasanu. Kusekondale nakonso amachinya mosavuta chifukwa omutchinga amamulekeza m'mapewa. Motero mapointi ake sanena zambiri, ndipo wolemba lipoti amene wangokopera manambala sanagwire ntchito.

Zimene zinaoneka mwa Embiid

Msinkhu wake unali masentimita 213, ndipo ku Kansas analembedwa kuti ankalemera makilogalamu pafupifupi 113. Zimenezi aliyense ankaziona. Chimene chinamusiyanitsa ndi ena chinali m'mapazi.

Anyamata ambiri a msinkhu wotere amayenda ndi chidendene, amatembenuka ndi thupi lonse nthawi imodzi, ndipo akafuna kusintha kolowera amayamba aima kaye. Embiid ankaima pa zala, ankapinda mawondo ndi chiuno, ndipo ankatha kuzika phazi limodzi n'kuzungulira mbali iliyonse osataya mpira kapena kudzandira. Ine ndimakhulupirira kuti zaka za mpira wamiyendo zinathandiza pamenepa, chifukwa mwana amene wakula akuseweretsa mpira ndi mapazi amadziwa pamene phazi lake lili popanda kuliyang'ana. Volleyball inamupatsa china: kudumpha molunjika m'mwamba osagwera mdani, kudikira kuti mpira uchoke kaye m'manja mwa woponya, ndi kudumphanso kachiwiri atangotera. Kudumpha kwachiwiriku ndi kumene ine ndimakuyang'ana kuposa kutalika kwa kudumpha koyamba, pakuti mipira yambiri ya pansi pa ring'i imatengedwa ndi amene wabwerera m'mwamba msanga.

Manja ake analinso ofewa. Ankagwira mpira woponyedwa mwamphamvu, wotsika kapena wodutsa pambali, ndipo akaugwira ankausunga pamwamba m'malo moutsitsira m'chiuno, kumene osewera aafupi amaulanda. Kaponyedwe kake pa mzere wa mipira yaulere kanali kosakhota, mpira ukuchoka bwino pa nsonga za zala. Kwa mnyamata wamtali chizindikiro ichi n'chofunika, chifukwa amene amaponya bwino pa mzere umenewu kawirikawiri amadzaphunzira kuponyera patali.

Komabe chachikulu pa zonse, chimene lipoti ili laimapo, chinali liwiro la kuphunzira. Chinthu chimenechi sichioneka pa ulendo umodzi. Ukamuona mnyamata tsiku limodzi umangodziwa pamene ali. Ukamuona mu Epulo, mu Julayi ndi mu Okutobala umadziwa kumene akulowera ndi mmene akufulumirira. Mnyamata amene wasewera kuyambira ali ndi zaka 6 ndipo ali pa mlingo wakutiwakuti, ndi mnzake amene wafika pa mlingo womwewo m'zaka ziwiri, si anthu ofanana ngakhale manambala awo atafanana. Woyambayo mwina watsala pang'ono kufika pamene angalekeze, pamene wachiwiriyo akukwerabe. Embiid anali wa mtundu wachiwiri, ndipo umboni wake ndi wakuti mnyamata amene sankapeza mpata ku Montverde mu 2011 anaitanidwa ku masewero a anyamata aluso koposa, ku Jordan Brand Classic ndi ku Nike Hoop Summit, mu Epulo 2013, kumene anali m'timu ya osewera a kunja kwa America pamodzi ndi Andrew Wiggins, Karl-Anthony Towns ndi Dennis Schröder.

Pa masewero oyeserera liwiro limeneli limayezeka mosavuta ngati woonerayo ali wodekha. Ine ndimayang'ana chimene chimachitika mphunzitsi akamukonza mnyamata. Ena amagwedeza mutu n'kubwereza cholakwa chomwecho. Ena amachikonza pa nthawiyo koma mawa abwereranso. Ochepa okha amachikonza, n'kuchisunga, kenako n'kuchigwiritsa ntchito pa malo ena amene mphunzitsi sanawatchule. Ndimayang'ananso zimene mnyamata amachita mpira ukakhala kutali ndi iye: ngati maso ake akutsata mdani ndi mpira nthawi imodzi, ngati akulankhula ndi anzake, ngati akuthamanga kubwerera kukatchinga atalephera kuchinya. Zinthu zimenezi sizilowa m'makanema afupiafupi a pa intaneti, amene amangosonkhanitsa nthawi zimene mnyamata wakhomerera mpira mu ring'i.

Zimene zinali zokayikitsa

Lipoti loona mtima la mu 2012 likanayenera kulemba zofooka zingapo. Mnyamatayu sankadziwa bwino malamulo ang'onoang'ono ndi kaimidwe ka timu potchinga. Ankachita mafaulo ambiri, ndipo ku koleji, kumene wosewera amatuluka akafika pa mafaulo 5 m'sewero la mphindi 40, wamtali wokonda kudumphira chilichonse amathera nthawi pa benchi. Mphamvu za m'munsi mwa thupi zinali zisanakwane kulimbana ndi amuna a zaka 22. Panalinso funso la mtima: mwana amene ali kutali ndi makolo, m'dziko la chilankhulo china, amene wasamuka kale sukulu kamodzi, adzapirira bwanji kukalipiridwa ndi mphunzitsi pamaso pa anthu 16,300 a mu Allen Fieldhouse, bwalo la timu ya Kansas?

Funso la thupi ndi limene linali lovuta kuliona, chifukwa pa nthawiyo panalibe chovulala chachikulu chimene chinkamuletsa kusewera. Chimene chinalipo ndi mbiri ya katundu amene thupi linanyamula. M'zaka zochepa chabe mnyamatayu anachoka pa kusasewera basketball n'komwe kufika pa kusewera chaka chonse pa bwalo lolimba, kudumpha ndi kutera kambirimbiri tsiku lililonse, kwinaku akuwonjezera kulemera. Minofu imazolowera ntchito msanga, koma mafupa amatenga nthawi yaitali. Zili ngati kumanga goli pa ng'ombe yaing'ono chifukwa yaoneka yojintcha: imakoka ndithu, koma mafupa amakhala asanakhwime.

Chisankho

Makoleji amene anatsala pa mndandanda wake womaliza anali Kansas, Florida ndi Texas. Florida, pansi pa Billy Donovan, inali mumzinda wa Gainesville momwemo, pafupi ndi sukulu yake, ndipo inali itatengapo chikho cha dziko lonse mu 2006 ndi 2007 ndi osewera aatali Joakim Noah ndi Al Horford. Texas inali ndi Rick Barnes. Ku Kansas amene anatsogolera ntchito yomukopa anali Norm Roberts, wothandizira wa mphunzitsi wamkulu Bill Self.

Kansas inali ndi umboni woti ikanauonetsa banja lililonse la mwana wamtali. Kaseweredwe ka Self kamadutsa mwa aatali awiri, wina ataima chapamwamba pafupi ndi mzere wa mipira yaulere, wina pansi pa ring'i, ndipo wapamwambayo amaponyera mnzake mpira modutsa pamutu pa mdani. Wamtali m'dongosolo limeneli amakhudza mpira pafupifupi nthawi zonse timu ikamaukira, ndipo amaphunzira kutsekereza mdani ndi chiuno asanalandire mpira. Cole Aldrich anatengedwa ndi NBA mu 2010, amapasa Markieff ndi Marcus Morris mu 2011, Thomas Robinson pa nambala 5 (wachisanu kusankhidwa) mu 2012, ndipo Jeff Withey, amene anafika ali wosakhwima, anasanduka mmodzi wa otchinga mipira oposa onse m'makoleji. Withey ankamaliza sukulu mu 2013, choncho malo analipo.

Pali mbali ya chisankhochi imene anthu saitchula kawirikawiri, koma ine ndimaiona kuti ndi imene inachipangitsa kukhala chanzeru. Kansas sinkadalira Embiid kuti ipambane. Inali ndi Perry Ellis ndi Jamari Traylor, ndipo mu 2013 inatenga Tarik Black, wamtali wokhwima wochokera ku yunivesite ya Memphis, komanso Wiggins, amene maso onse anali pa iye. Embiid akanachedwa kukula, timu sikanagwa. Koleji yaing'ono imene ikanamutenga kuti aipulumutse ikanamuseweretsa mphindi zambiri kuyambira tsiku loyamba, zolakwa zake zikanaonekera poyera, ndipo thupi likanalemedwa koposa. Ndikamalangiza banja, ndimawafunsa kuti aone ngati timu imene ikufuna mwana wawo ingathe kumudikira.

Chaka cha ku Lawrence, mzinda wa yunivesite ya Kansas

Embiid anayamba sizoni ya 2013 mpaka 2014 ali pa benchi kumbuyo kwa Black, koma pofika mu Disembala anali atalowa m'gulu la oyamba. M'mwezi womwewo, posewera ndi New Mexico, anachita kapusitsidwe ka Olajuwon kozungulira pa phazi limodzi, mdani n'kudumphira kumene kunalibe mpira, ndipo kuyambira pamenepo oyang'ana osewera a NBA anayamba kumuika patsogolo pa Wiggins. Mu Januwale 2014, posewera ndi Oklahoma State, anapeza mapointi 13, mipira yobwerera 11, ndi kutchinga 8. M'mwezi womwewo anatulutsidwa m'sewero la Kansas State atamenya mdani, zomwe zinasonyeza kuti nkhawa ya mtima sinali yopanda pake.

Pa sizoni yonse anasewera masewero 28, mphindi pafupifupi 23 pa sewero, ndipo ankapeza mapointi 11.2, mipira yobwerera 8.1 ndi kutchinga 2.6. Anasankhidwa kukhala wotchinga wabwino koposa mu ligi ya Big 12, ndipo Kansas inatenga ligiyo kwa chaka cha 10 motsatizana. Manambalawa ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi mphindi zake zochepazo. Mnyamata amene ankapeza mapointi 13 polimbana ndi ana a sekondale anapeza 11 polimbana ndi amuna a m'ligi imodzi yovuta koposa, patangotha chaka chimodzi. Pa mbali ya luso, amene anamukhulupirira mu 2012 sanalakwe ngakhale pang'ono.

Thupi

Mavuto anayamba chapakati pa sizoni, poyamba bondo, kenako msana. Pa 1 Malichi 2014, posewera kachiwiri ndi Oklahoma State, msana unavutanso, ndipo madokotala anapeza mng'alu m'fupa la m'munsi mwa msana, wa mtundu umene umabwera chifukwa cholemedwa mobwerezabwereza, osati chifukwa cha kugwa kamodzi. Sanasewerenso. Kansas inalowa mpikisano wa NCAA popanda iye ndipo inagonja kwa Stanford m'ndime yachiwiri. Pamenepa ndiyenera kunena chilungamo: kumusiya kunja pa nthawi imene timu inkamufuna koposa chinali chisankho choyenera, ndipo si aphunzitsi onse amene amalola zotere.

Mu Juni 2014, patatsala masiku ochepa kuti NBA isankhe osewera, kunapezeka mng'alu wina wa mtundu womwewo m'fupa la navicular la phazi lamanja, ndipo anachitidwa opaleshoni. Fupa limeneli lili pamwamba pa khonde la phazi, kutsogolo kwa kakolo, ndipo limalandira mphamvu yaikulu munthu akamatera kapena kunyamuka. Pakati pake magazi safikapo ambiri, n'chifukwa chake limachedwa kupola, ndipo nthawi zina silipola konse. Mavuto a mapazi ndi amene anafupikitsa ntchito ya Bill Walton ndi Yao Ming, ndipo anadya zaka zoyambirira za Zydrunas Ilgauskas. Cleveland, imene inali ndi mwayi wosankha koyamba, inatenga Wiggins. Milwaukee inatenga Jabari Parker. Philadelphia 76ers inatenga Embiid pa nambala 3. Phazilo silinapole bwino, anachitidwanso opaleshoni mu Ogasiti 2015, ndipo sewero lake loyamba mu NBA linachitika mu Okutobala 2016, patadutsa masizoni awiri athunthu. M'sizoni imeneyo anasewera masewero 31 okha bondo lamanzere lisanavulale.

Sindikunena kuti Kansas, kapena sukulu ina iliyonse, ndi imene inachititsa zimenezi. Mng'alu wotere umachokera ku zinthu zambiri: kapangidwe ka phazi, kulemera, chakudya, tulo, kuchuluka kwa masewero, ndi zina zobadwa nazo. Chimene ndikunena ndi chakuti ming'alu iwiri ya mtundu umodzi m'miyezi yochepa, mwa mnyamata wa zaka 20 amene anayamba mochedwa n'kuthamangitsidwa ndi luso lake lomwe, ikutiuza kanthu za njira yonseyo. Luso likamakwera msanga aliyense amafuna kuliona: timu ya sukulu, timu ya patchuthi, masewero a akatswiri, maphunziro a makampani a nsapato, ndiyeno koleji. Aliyense wa amenewa amamusunga mnyamata kwa miyezi yochepa, ndipo palibe mmodzi amene amawerenga katundu yense pamodzi.

Kuyerekeza ndi ena

Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam nayenso anayamba basketball ali wamkulu kale, anali wamtali kuposa Embiid, masentimita 221, ndipo anasewera zaka 3 ku Connecticut pansi pa Jim Calhoun. Ankatchinga mipira modabwitsa, ndipo Memphis inamutenga pa nambala 2 mu 2009, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry. Mu NBA sanakhazikike. Anthu amene mu 2012 ankakayikira Embiid chifukwa cha Thabeet ankafananiza zinthu zosayenera kufananizidwa, monga kuchokera ku Africa, msinkhu ndi kuyamba mochedwa. Akanayang'ana mapazi, manja ndi kusintha kwa chaka ndi chaka, akanaona kuti anyamata awiriwa anali osiyana kutali.

Dakari Johnson anali ku Montverde pa nthawi imodzi ndi Embiid, ndipo ndi iye amene ankaonedwa ngati senta wokonzeka, wolemera ndi wodziwa mpira. Anapita ku Kentucky, anatengedwa pa nambala 48 mu 2015, ndipo masewero ake mu NBA anali ochepa. Sikuti anali wosewera woipa. Anali atafika kale pafupi ndi pamene akanalekeza. Greg Oden ndi chitsanzo cha mbali inayo. Luso lake palibe amene analikayikira kuyambira ku sekondale ku Indianapolis, anafikitsa Ohio State ku ndime yomaliza mu 2007, Portland inamutenga pa nambala 1 patsogolo pa Kevin Durant, koma mawondo anamulola masewero 105 okha mu NBA. Embiid anadutsa pafupi kwambiri ndi njira ya Oden. Kuti anadzakhala wochinya mapointi ambiri koposa mu NBA mu 2022 ndi 2023, wosewera wopambana onse mu 2023, ndi kupeza mapointi 70 m'sewero limodzi mu Januwale 2024, zinatheka chifukwa timu yake inali yokonzeka kugonja zaka ziwiri ikumudikira. Ndipo bondo lamanzere lija lakhala likumuvutitsabe.

Zimene ndimalemba m'lipoti la mnyamata wotere

Chifukwa cha nkhani ngati iyi, lipoti langa la mnyamata wamtali silituluka ndisanamuone maulendo angapo otalikirana miyezi, kuphatikizapo masewero oyeserera a tsiku wamba. Tsamba loyamba limanena za mapazi, manja, kudumpha kwachiwiri, ndi zimene zasintha kuchokera ulendo wapitawo. Tsamba lachiwiri, lomwe aphunzitsi ambiri amafuna kulidumpha, limanena za katundu: chaka chimene anayamba, masentimita amene wawonjezera m'miyezi 12 yapitayo, matimu angati amene akusewerera, mwezi uti wa chaka umene amapuma, ndiponso ngati anadandaulapo msana, msongolo kapena pamwamba pa phazi. Ululu wa m'munsi mwa msana umene umakula mnyamata akapindikira kumbuyo, kapena ululu wa pamwamba pa phazi umene umabwera akamathamanga n'kutha akapuma, ndimalemba kuti dokotala auone, pakuti ming'alu yotere ikamayamba kawirikawiri sioneka pa X-ray wamba ndipo imafuna MRI kapena CT. Anyamata ambiri amabisa ululu poopa kutaya sikolashipu, makamaka ochokera kunja amene banja lonse likuwayang'anira, choncho funso limeneli ndimafunsa ndili ndi mnyamata yekha, ndipo ndimafunsanso wosamalira ovulala wa pasukulu.

Msika wasintha kuchokera mu 2012, ndipo kusinthaku sikunakomere mnyamata wofunika kumudikira. Kuyambira mu 2021 wosewera angathe kusamuka koleji osakhala chaka pa benchi, ndipo chaka chomwecho osewera analoledwa kulandira ndalama pa dzina ndi chithunzi chawo. Mu 2024 kalata ija yosainira inathetsedwa. Mphunzitsi amene ntchito yake ili pachiswe tsopano amasankha wamtali wa zaka 22 wochokera ku koleji ina m'malo mwa mnyamata wa zaka 18, chifukwa akamuphunzitsa zaka ziwiri mnyamatayo angathe kutengedwa ndi timu yolemera atangoyamba kubala zipatso. Zotsatira zake n'zakuti amene amatengedwa amafunidwa kuti asewere pompopompo. Mbali yabwino ndi yakuti mwana wa ku Africa sayeneranso kuwoloka nyanja ali wosakonzeka, popeza NBA Academy Africa inatsegulidwa ku Senegal mu 2017, ndipo kumeneko sukulu, mpira ndi chisamaliro cha thupi zili pamalo amodzi.

Mu Okutobala 2017, Embiid atasewera masewero 31 okha aja, Philadelphia inamupatsa mgwirizano wa zaka 5 wa madola pafupifupi 148 miliyoni, ndipo munalembedwa ndime zoteteza timu ngati mapazi kapena msana zitavulalanso kwambiri. Timu ya akatswiri inatchula ziwalozo m'pepala n'kuziikira mtengo. Mwana wa sekondale alibe pepala lotere lomuteteza iye, choncho makolo kapena womuyang'anira akapita kukaona koleji ndimawapempha kuti asathere ulendo wonse ndi mphunzitsi wamkulu. Akhale pansi ndi dokotala wa timu ndi mphunzitsi wa zolimbitsa thupi, afunse mmene amawerengera katundu wa osewera aatali, afunse amene ali ndi mawu omaliza ngati dokotala ndi mphunzitsi asiyana maganizo, ndipo apemphe kuti alembedwere zimene zidzachitike ndi sikolashipu ndi ndalama za chipatala mnyamata akavulala m'chaka choyamba.